Dzanja Lofumbata

Mayi wina, telala, anamva kukuwa ali pa makina ake osokera, ndipo anathamangira kuseri kwa nyumba kumene mwamuna wake amamata matayala. Anapeza mwana wake wamkazi, wa zaka zisanu ndi ziwiri, akugubuduka pansi atagwira pamimba, thukuta lili kamukamu. Pambali panali mwamunayo, bambo womupeza wa mwanayo, atagwada, dzanja lamanja atalifumbata.

Mayiyo atakhudza mimba ya mwana anaipeza ili gwaa ngati thabwa. Pomwepo anakumbukira mbama imene mwamunayu anamumenya mwanayo chaka chatha, n'kupepesa mpaka kugwetsa misozi. Basi, mlandu anauweruza yekha.

"Mwandimenyera mwana chibakera m'mimba?"

"Ayi mayi, taonani kuno, ndagwira..."

Sanamalize. Mlongo wake wa telalayo, dalaivala wa lole wosachedwa kupsa mtima, anali atafika kale. Anatola chitsulo chochotsera matayala n'kuwamenya nacho alamu akewo paphewa. Munthu anagwa chafufumimba. Zinatsatira ndi mateche m'nthiti, m'kamwa magazi chuchuchu, koma dzanja lija osalitambasula. Malumewo analiponda ndi jombo mpaka zala zinathyoka. Mayiyo anaona zonsezi ndipo sanaleretse. Tinene zoona, mumtima ankati awonjezere.

Kuchipatala mwana anafika akusanza, miyendo ikukokana. Namwino atayang'ana phazi limene linalibe nsapato anaona timabala tiwiri tofiira pachala chaphazi.

"Uyu sanamenyedwe, mayi. Chamuluma chinthu. Nsapatozi zimakhala kuti?"

"Pamatayala," anayankha telalayo.

Namwino anatsuka pabalapo ndi sopo, anaikapo nsalu yozizira, n'kumubaya jakisoni wochepetsa ululu. "Mwachita bwino osatemapo kapena kumangapo chingwe. Koma tikanaona chomwe chamulumacho, bwenzi tikudziwa msanga mankhwala oyenera."

Akulankhula choncho, mwamuna uja analowa akudzikoka, malaya ali magazi okhaokha. Sanayang'ane mkazi wake. Analoza dzanja lake lotupa, ndipo namwino analitambasula chala chimodzichimodzi. Munali bokosi la machesi lophwanyika, m'kati mwake kangaude wakuda bii wa kadontho kofiira kumimba.

"Anali m'nsapato mwake," anatero bamboyo. "Ndimati adokotala amuone."

Namwino anathamanga kukaitana dokotala. Patatha masiku awiri mwana anatuluka akudumphadumpha, koma zala ziwiri za bambo ake sizinawongokenso.

Masiku ano matayala akale anawachotsa pakhomopo. M'mawa uliwonse bamboyo amatenga nsapato za mwana n'kuzigogoda pakhoma ndi dzanja lamanzere, kenako za mkazi wake, zake pomalizira. Nkhani ya tsiku lija sanaitchulepo. Telalayo akamva kugogodako amaimitsa makina, manyazi atamugwira, mpaka mwamunayo atamaliza.