Mpando wa Apongozi pa Mphuno ya Thirakitala

Mvula ya mu Malichi itakokolola ulalo wa pakamtsinje kumtunda kwa Hara, Reginald anati palibe vuto, akadula mabulugamu awiri paphiri, awakoke ndi thirakitala, pofika madzulo anthu aziwoloka. Thirakitala yake inali ija ya matayala awiri yolimira mpunga, imene munthu amaigwira ngati wilibala. Anamangirira chipika ndi tcheni n'kuyamba kutsetsereka. Mutu wa chipika unakodwa pachitsa, thirakitala inadzutsa mphuno m'mwamba, chipika chinagubuduka, ndipo Reginald anapita kuchipatala atagona pachitseko, mwendo utathyoka pawiri.

Patatha milungu itatu adokotala anauza mkazi wake Ipyana kuti bamboyo atuluka Lachisanu, koma chikhakha cha mwendo wothyokawo chisakhudze madzi. Madzi pakamtsinje paja anali atafika m'chifuwa. Popanda ulalo, Reginald akanakakhala kwa mlongo wake ku Mlare mpaka mvula ithe. Ipyana ankamusowa mwamuna wake, ndipo sankabisa. Anapempha amuna a m'mudzi kuti anyamule zipika zija pamapewa, koma zodabwitsa, onse anadwala msana tsiku limodzi.

Choncho anakaitana Bruce, wowotcherera zitsulo wa ku Mlare wochokera ku Kasungu, munthu amene sankakhulupirira chinthu chilichonse chimene sanachiwotcherere yekha. Bruce anatenga ekiselo ya ngolo yakale, chitsulo chogwira matayala chija, n'kupanga kangolo konyamula mutu wa chipika kuti usakodwenso. Pamwamba pake anaikapo mpando wa woyendetsa, kutali ndi tcheni, ndipo pambali anapachika ngowe yachitsulo yoti munthu akaiponda izikumba pansi ngati buleki. Chinatsala n'choletsa mphuno kudzuka. Anayesa matumba a mchenga, koma pokwera ankachepa, potsika ankachuluka.

"Mayi," anatero Bruce akupukuta thukuta, "apa pakufunika katundu woganiza. Wamakilo nainte, wodziwa kuweramira kutsogolo ndi kubwerera m'mbuyo."

Anawotcherera mpando wachitsulo pamphuno ya thirakitala, ndipo anayamba kufunsa za anthu onenepa. M'mudzi monse munapezeka mmodzi yekha wokwana amene msana wake unali bwino: a Ambokile Mwangosi, bambo ake a Reginald.

Apa mpomwe zinavuta. Kwa Ankhonde osunga mwambo, mkazi wa mwana ndi apongozi ake aamuna saonana maso, salankhulana, ngakhale dzina silitchulidwa. Mabanja ambiri anazisiya kale, koma a Mwangosi zinthu sankazisiya wamba. Zaka khumi ndi chimodzi Ipyana ankapatukira m'chinangwa akamva kutsokomola kwawo panjira, mpaka ankadziwa munda uliwonse wa m'mudzimo kuposa eni ake. Sankadziwa ngati amamukonda kapena amangomupirira. Ndipo woyendetsa thirakitala wina kupatula Ipyanayo kunalibe.

"Bwanji kwa lero lokha angoonana basi?" anafunsa Bruce.

Amayi ena anamuyang'ana momumvera chisoni, monga timayang'anira munthu amene kwawo sanaleredwe. Bruce anapita mwakachetechete kukawotcherera zitsulo ziwiri pakati pa mipando ija, napachikapo mphasa.

Tsopano mwambo unali wotetezedwa bwino, koma woyendetsa sankaona njira. Woona njira anali a Mwangosi, amene sankaloledwa kumuuza kanthu. Bruce anakhala pamwala n'kunena kuti pa zonse zimene anapangapo, iyi ndi yoyamba yokhala ndi zotetezera zinayi ndi woyendetsa wosaona. A Mwangosi anakwera pampando wawo atavala jekete ndi chipewa cha njinga yamoto chobwereka, anaganiza pang'ono, kenako anagogoda injini ndi ndodo.

"Thirakitala," anatero m'Chichewa, pakuti makinawo anali mlendo ndipo sakanamva Chinkhonde, "tiye. Pang'onopang'ono."

Thirakitala inamvera. Anthu amene msana unkawapweteka aja anatuluka onse kudzaonerera, ena akuthamanga.

"Thirakitala, kumanzere. Kumanzere ndati, osati kumanja. Thirakitala, kutsogoloku kuli ng'ombe ya mnansi wathu Gregory, ndipo siikuoneka kuti ili ndi maganizo osuntha. Thirakitala, wachita bwino pamenepo."

Kuseri kwa mphasa Ipyana ankangoona bango ndi utsi. Anakwera phiri chotero, Bruce anakweza mutu wa chipika pakangolo, ndipo anayamba kutsika. Chipika choyamba chinafika kumtsinje popanda chovuta, kupatula kuti a Mwangosi anapereka moni kwa aliyense panjira ngati phungu.

Chachiwiri chinali chachikulu. Atafika pamalo otsetsereka paja pamene Reginald anavulalira, Ipyana anamva chipika chikukankha kumbuyo. Anaponda ngowe, inakumba matope osagwira. Mphuno inayamba kulowa pansi, chifukwa a Mwangosi, pofuna kuona bwino njira, anali ataweramira kutsogolo ndi makilo awo onse. Iwo sankadziwa kanthu. Ankafotokozera thirakitala mbiri ya mtengo wa mango umene ankaudutsa.

Ipyana anatsegula pakamwa, mawu anakana. Zaka khumi ndi chimodzi si zochotsa pakhosi ndi kutsokomola kamodzi. Chipika chinakankhanso.

"Thirakitala!" anakuwa. "Bweza mimba m'mbuyo!"

Kenako mpando wachitsulo unalira, mphasa inatukumukira kumbali ya Ipyana, ndipo mphuno inadzuka. Matayala anagwira, ngowe inapeza muzu, chipika chinaima. Ipyana anakhala pomwepo akufuna nthaka imumeze, pakuti anali atatchula mimba ya apongozi pamaso pa mudzi wonse.

"Thirakitala," anatero a Mwangosi, "pakamwa pako m'pakuthwa. Koma wanena zoona. Tiye."

Lachinayi anayala zipika, anakhomerapo matabwa. Lachisanu masana Reginald anatsika pa kabaza tsidya lina, anayang'ana ulalo, anayang'ananso thirakitala yake imene tsopano inali ndi mipando iwiri ndi mphasa, ndipo anaganiza kuti mankhwala akuchipatala sanathe m'mutu. Anawoloka ndi ndodo zake, gogodo, gogodo, chikhakha chili chouma. Ipyana anafuna kumuthamangira, koma apongozi anali ataima kumapeto kwa ulalo, choncho anabisala kuseri kwa mphasa ija n'kumasuzumira pakati pa bango.

"Ndaga fijo, tata," Reginald anathokoza bambo ake m'Chinkhonde. "Akuti ndinu mwakoka zipikazi."

"Ine ndinali katundu chabe," anayankha a Mwangosi.

Anayenda mpaka pa thirakitala, anavula chipewa chawo, naika dzanja pa injini yozizira. Anayang'ana kumbali, kumapiri, monga mwambo ufunira.

"Thirakitala, imva bwino, pakuti sindibwerezanso. Wandibweretsera mwana wanga pakhomo. Tsiku limene unalowa m'banja lino tinapereka ng'ombe zisanu, ndipo ine ndinadandaula kuti zachuluka. Ndinalakwa. Kwanu tinawabera."

Bruce anatsegula pakamwa kuti akonze, poti ankadziwa kuti makinawo anagulidwa ku Mzuzu, koma mayi wina anamuponda phazi. Kuseri kwa mphasa Ipyana analira mosadziletsa, nkhope ili m'chitenje, ndipo a Mwangosi anaimabe pomwepo, dzanja lili pa injini, mpaka atatonthola.