Mwala wa Kuseli kwa Tchalitchi

Lezala linali litafika pakati pa mutu wa a Goodson pamene mlamu wawo Elsie anafunsa.

"Alamu, ngakhale lero tsiku lometa, simutipempherera?"

Wometa anaimitsa dzanja. A Goodson, mkulu wa mpingo ku Lirangwe, anangoti maso patsitsi lawo lomwe linali pansi. Mng'ono wawo Stanford, mwamuna wa Elsie, anali atagona masiku atatu kumanda, ndipo anapita ngati nkhuku: nyimbo ayi, mlaliki ayi. Mpingo unamudula zaka khumi zapitazo chifukwa cha kachasu. Woyamba kukweza dzanja pabwalo la akulu anali iwo omwewa, a bere limodzi.

"Lamulo si langa," anatero. "Mulungu anasankhiratu ake dziko lisanalengedwe. Wosankhidwa amaoneka ndi zipatso."

"Ndiye munasuzumira m'buku la Mulungulo, n'kuona kuti dzina lawo mulibe?"

Komatu Stanford naye anali ndi pakamwa, abale inu! Tsiku lomwe anamulanda khadi la mgonero anafunsa pagulu: "Pamsika ayufi akuti khadi la chipani, m'basi khadi, kutchalitchi khadi. Achimwene, kodi kumwamba nako kuli ayufi pachipata?" Anthu anafa nalo phwete, ndipo a Goodson sanapondenso pakhomo pake.

"Lamulungu likubwerali musalowe m'tchalitchi," Elsie anatero motsitsa mawu. "Mukazungulire kuseli, pazenera loyang'ana kunjanji."

Lamulungu litafika, a Goodson anazunguliradi, chipewa kumutu, uku akucheuka kuopa kuonedwa. Pansi pa zeneralo panali mwala wafulati, wosalala ngati mphero. Kanjira kopondeka bwino kanachoka pamenepo n'kulowa m'chimanga, kulunjika kwa Stanford. Pakhoma panali banga lakuda, la mutu wa munthu wotsamira.

Anakhala pamwalapo. M'kati a McDonald, mkulu mnzawo, anayamba kuwerenga Mawu, ndipo zonse zimamveka, ngakhale kutembenuza kwa pepala. Apa a Goodson anakumbukira. Gome lolalikira lili pafupi ndi zenera lomweli! Ndi pomwepo pamene iwo anafuula chaka chatha, nkhonya pagome, kuti ena, ngakhale a m'nyumba mwathu momwe, anabadwira moto. Manyazi anawagwira.

Elsie anatulukira m'chimanga muja, duku lakuda kumutu.

"Amuna anga sanajombepo pamwalapo," anatero. "Mvula, dzuwa. Amasamba m'mamawa, osalawa ngakhale dontho mpaka mutaweruka. Anandiletsa kunena, ati ndingakuchititseni manyazi."

"Nanga tsiku lija... la moto lija?"

"Analipo."

"Anati chiyani?"

"Anati, 'Achimwene lero alalikira mwamphamvu.' Ine ndinakwiya, ndati ndiye mumakatani kumeneko? Iwo n'kuseka. Ati, 'Elsie, iwo omwe amati chisomo sagula. Ngati n'chaulere, china chimatayikirako pazenera.'"

M'kati nyimbo inayamba. Winawake anasuzumira pakhomo kufuna a Goodson, poti mpando wawo kutsogolo unali wopanda munthu, koma iwo sanadzuke. Anavula chipewa, natsamiritsa mutu wawo wometa uja kukhoma, kufunafuna banga lija.

Anachita kuwerama kuti alipeze. Stanford anali wamfupi.