Njinga ya m'Mutu mwa a Kadzakumanja

Aphunzitsi a Bestone Kadzakumanja, amene boma linawachotsa ku Dedza n'kuwatumiza pasukulu ina kufupi ndi Manyamula, anali ndi mphatso, ndipo sankaibisa. Ankati akatsinzina amaona chilichonse m'mutu mwawo ngati chili patsogolo pawo. "Anzanga inu mumakumbukira," ankatero kwa aphunzitsi anzawo, "koma ine ndimaona."

Tsiku la msonkhano wa chipani pamsika, anapatsidwa mwayi woyankhula m'malo mwa aphunzitsi onse a m'deralo. Anatsamiritsa njinga yawo pamtengo, nayankhula mpaka amayi ovina anakhala pansi. Atabwerera, anapeza mtengo wokha.

M'mawa mwake anakwera basi ndi akazi awo, mayi Perpetua, kukanena kupolisi ku Mzimba boma. Wapolisi wina, dzina lake Wilkins, anawafunsa maonekedwe a njingayo. A Kadzakumanja anakweza dzanja kuti onse akhale chete, natsinzina.

"Yakuda bii, yonyezimira. Belu lasiliva, lomveka kutsidya kwa dambo. Chishalo chachikopa. Madigadi onse awiri, owongoka."

"Bambo a Dyness," anatero mayi Perpetua pansipansi, "mukunenayo si mmene inalili tisanakwatirane?"

"Ndi njinga yomweyo."

"Yomweyo inde, koma..."

"Mayi a Dyness, ndikuiona panopa. Inu mukuiona?"

Mayi Perpetua sankaiona.

Zoona zake n'zakuti a Kadzakumanja anaiyang'anitsitsa njingayo tsiku limodzi lokha, tsiku limene anaigula. Kuyambira pamenepo ankangoikwera. Munthu ali panjinga amayang'ana msewu ndi anthu omupatsa moni, ndipo a Kadzakumanja ankasamala kwambiri za moni.

Patapita milungu ingapo anaitanidwa. Wilkins anawatengera kuseri kwa ofesi, nawaonetsa njinga imene inagwidwa cha ku Embangweni. Inali yadzimbiri. Chishalo chinali chomangidwa ndi mphira, madigadi akutsogolo panalibe, belu linalibe chivindikiro. Ataikankha pang'ono, tcheni chinalira: kwii, kwii.

A Kadzakumanja anatsinzina, natsegula maso, natsinzinanso.

"Si yanga."

"Aphunzitsi, wakubayo wavomera yekha. Akuti anaitenga pamtengo, inu muli pakati poyankhula. Akuti sanafulumire n'komwe."

"Wakuba ndi wakuba. Angalephere kunama?" Kenaka maso awo anagwera pa njinga ina yotsamira khoma, yakuda bii, yonyezimira. Nkhope yawo inawala. "Yanga ndi iyo."

"Imeneyo ndi ya a Sajeni, bwana."

"Ndiye afunsidwe kumene anaitenga."

Wilkins anayang'ana kuzenera la a Sajeni, natsitsa mawu. "Aphunzitsi, ine mawu amenewo sindinawamve, ndipo inu simunawanene. Yanu ndi iyi. Mukaikana lero, ipita ku okushoni pamodzi ndi katundu wopanda mwini."

"Ipite. Mphunzitsi wa boma angakwere chigoba chotere?"

Atafika kunyumba anapeza mayi Perpetua akusankha nyemba pakhonde, ndipo anawafotokozera za ulesi wa apolisi amakono, amene amafuna kutseka mlandu ndi chitsulo chilichonse chotola.

"Inali ndi mphira pachishalo?" anafunsa mayi Perpetua.

"Inali nayo. Mwadziwa bwanji?"

Mayi Perpetua anachotsa kamwala m'nyembamo, nakaponya kutali.

Njingayo inagulidwa ndi a Chikomeni, ogulitsa mazira a pa Manyamula pomwepo, amene njira yawo inkadutsa pafupi ndi kalasi ya a Kadzakumanja. Tsiku loyamba anaima pazenera, napereka moni kwa aphunzitsiwo m'chiyankhulo cha kumeneko.

"Monire ŵasambizgi! Anthu akuti iyi inali yanu. Ikuyenda makora chomene, mbwenu kulira kokha."

"Anthu amanena zambiri, a Chikomeni. Yanga ndikuidziwa."

"Yewo, ŵasambizgi," anatero a Chikomeni, napalasa. Kwii, kwii.

A Kadzakumanja anatembenukira kwa ana. "Mwaona? Mukadzakula musadzakwere chinthu chotere."

Kuyambira pamenepo ankayenda wapansi, kutchalitchi, kumsika, kumisonkhano, ndipo ankauza aliyense kuti njinga yawo ikadalipo kwinakwake, yonyezimira, akuiona bwinobwino. Koma ana a m'kalasi mwawo anazindikira kanthu kena. M'mawa uliwonse tcheni chija chikayamba kumveka kumsewu, aphunzitsi ankapitiriza kulemba pabolodi osacheuka, koma phazi lawo lamanja linkanyamuka pang'ono n'kuponda pansi, kunyamuka n'kuponda ngati akupalasa, mpaka a Chikomeni atapitirira.