Msewu Uli Bwino Lero

Pa siteji ya minibasi onse ankangomuitana kuti Akalaliki. Anali mayi wa ana atatu, ndipo ntchito yake inali kukhala pa kabenchi pansi pa denga la malata, kulemba mzere wa minibasi ndi kuuza dalaivala aliyense nthawi yonyamuka. Panalinso ntchito ina yosalembedwa paliponse. Madalaivala ochokera m'tauni ankamunong'oneza pomwe apolisi atchera, iye n'kuchenjeza onyamuka. Ankachenjeza aliyense, ngakhale Liwiro, koma ameneyu ankamuchenjeza monyinyirika.

Liwiro ndiye dalaivala amene anagunda mwamuna wake zaka zitatu zapitazo. Bamboyo, mmisiri wowotcherera zitsulo, ankapalasa njinga m'mbali mwa msewu dzuwa likuswa mtengo, ndipo mwendo wake wakumanja unatsala kuchipatala. Apolisi anamuuza Liwiro kuti apumire m'kachipangizo koyezera mowa, sikanapeze kanthu. Nanga kakanapeza chiyani poti munthuyo mowa salawa n'komwe? Chake ndi chamba, ndipo siteji yonse inkadziwa kuti amasutira kuseri kwa chimbudzi m'mawa uliwonse asanagwire chiwongolero. Koma kukhoti palibe anatsegula pakamwa. Anati wanjinga anakhotera mumsewu mwadzidzidzi, mlandu n'kuthera pomwepo. Sabata yotsatira Liwiro anali pa mzere, akupereka moni ngati munthu amene anangokuponda chala mwangozi.

Kalalikiyo ankamuda, ndipo tisanamizane, sanayesepo n'komwe kumukhululukira. Ankafuna chinthu chimodzi basi: kumuona atavala unyolo.

Chaka chimenecho lamulo linasintha. Apolisi anabwera ndi kachipangizo kena koyezera malovu. Ankakapaka m'kamwa, kudikira mphindi zochepa, chamba n'kuonekera poyera, kaya utafune anyezi kaya uchukuche kakhumi. Wopezeka ankalandidwa laisensi, kukatengedwa magazi kuchipatala, kenako kukhoti. Akakhala wonyamula anthu, ndende inkachita kumutsegulira chitseko. Madalaivala osuta nawo sanagone. Akamva kuti apolisi ali pamsewu ankazembera njira ya fumbi yopatuka usanafike pa mlatho, chifukwa ukangowoloka mlathowo palibenso pokhotera.

Lolemba lina m'mawa, dalaivala wa lole ya buledi anaima pa siteji n'kutsitsa galasi.

“Akalaliki, lero atchera kutsidya kwa mlatho, ndi za malovu zija. Muwauze anthu anu.”

“Zikomo achimwene, ndiwauza.”

Kalalikiyo anayang'ana pa mzere. Minibasi yoyamba inali ya Liwiro, madalaivala ena anali asanafike, ndipo Liwiroyo ankatulukira kuseri kwa chimbudzi, maso ali psuu, akutafuna kaswiti.

“Amayi, msewu uli bwanji?”

“Msewu uli bwino lero. Dzadzani muzipita.”

Nkhawa yake inali yoti wina angafike n'kumutsina khutu. Choncho anachita zomwe sanachitepo chiyambire ntchito: anadzuka pa benchi n'kuyamba kuitanira anthu yekha. Anakoka ana asukulu, anakankhira thumba la makala pansi pa mpando, anatsimikizira agogo ena kuti iyi ndiye yachangu.

“Lero mwadzuka ndi mtima wabwino,” anatero Liwiro akuseka. “Kapena bambo akunyumba amera mwendo wina?”

Mayiyo anamwetulira, n'kumutsekera yekha chitseko. Minibasi itazimiririka pa kona, anabwerera pa benchi n'kuchenjeza madalaivala ena onse, mmodzimmodzi, mosaphonya.

Nkhani inafika isanakwane teni koloko, ndi dalaivala wochokera m'tauni. Liwiro atawoloka mlatho n'kuona apolisi, anaponda buleki mwankhanza mpaka minibasi inaterereka n'kukhula chitsulo cha m'mbali mwa msewu. Mwamwayi palibe anavulala kupatula zotupa pamphumi. Anayamba wakana kuyasamula, ati dzino likumupweteka, koma wapolisi wamkazi anamuuza kuti kukana nakonso ndi mlandu. Kachipangizo kanamuulula. Anamukweza m'galimoto ya apolisi manja ali kumbuyo.

Kalalikiyo anamufunsa dalaivalayo kuti abwereze za manja kumbuyozo. Zinamukomera, ndipo sanachite nazo manyazi.

Tsiku la chigamulo anapempha tchuthi, anavala diresi lake la kutchalitchi, n'kukakhala pa benchi ya kutsogolo m'khoti. Zotsatira za magazi zinawerengedwa. Woweruza anati munthu wonyamula miyoyo ya anthu atasuta sayenera kumveredwa chisoni: zaka ziwiri kundende, laisensi ayiiwale. Liwiro atatembenuka, mayiyo anamuyang'ana m'maso mpaka iye anazolika.

Anafika kunyumba masana akuyenda ngati mtsikana. Mwamuna wake anali pa khonde, ndodo zake zitatsamira khoma, akukonza loko ya mnansi. Chiduliridwe mwendo ntchito zake zinali zoterezi, maloko ndi zigwiriro za mapoto.

“Bambo, amumanga zaka ziwiri. Ndipo ndikuuzeni, ndine ndinamutumiza kwa apolisi aja.”

Anafotokoza zonse, za lole ya buledi, za bodza lake, za momwe anadzazira minibasi mwachangu. Ankayembekezera kuti bamboyo aseka kwa nthawi yoyamba m'zaka zitatu. Iye anangoika loko pa bondo.

“Ndiye kuti mumadziwa kuti wasuta?”

“Ndinamuona ndi maso angawa.”

“Kuchoka pa siteji kukafika pa mlatho ndi mtunda wautali, mayi. Pali misika iwiri, ndi anjinga ambirimbiri.”

“Nanga akanamugwira bwanji osayendetsa? Inuyo mwendo wanu mwauiwala?”

“Sindinauiwale. Umandiyabwa mpaka lero pomwe kulibe.” Anadzutsa mutu n'kumuyang'ana. “M'minibasimo munali anthu angati?”

Mayiyo anafuna kunena kuti sakukumbuka, koma ankakumbuka nkhope iliyonse.

“Khumi ndi asanu ndi mmodzi.”

Bamboyo anagwedeza mutu n'kutolanso loko ija. Mkazi wake anaimabe pomwepo ndi diresi la kutchalitchi, chikwama chili m'manja.

“Ndi khanda,” anawonjezera chapansipansi. “Ndinalinyamula ndine pomwe mayi ake ankakwera.”