Njala ya Chimeza

Linali tsiku lachinayi Takondwa asanabibe. Masiku anayi athunthu, abale inu, mwana wa zaka zitatu amene kudya kwake n'kwa munthu wochokera kudimba! Mayi ake, Fagness, ankati akagogoda kamimbako ndi chala, kankalira ngati ng'oma. Alangizi a zaumoyo a m'mudzimo anali atanena kale mosapita m'mbali kuti kukacha mawa zinthu zili chomwechi, mwanayo apite naye kuchipatala ku Mua.

Fagness anali atayesa zonse. Papaya wakupsa anam'patsa, phala la mgaiwa anam'patsa, madzi ofunda anam'mwetsa mpaka kutaikira m'khosi. Ananyengerera, anakalipa, anafika poimba nyimbo ya kwaya atagwada pambali pa kapoti kobiriwira kamene anagula pamsika wa Mtakataka. Koma ayi ndithu. Mwana akamva kuti zikubwera ankathamangira kuseri kwa chitseko, n'kupiringiza miyendo, nkhope ili gwaa, thukuta lili kamukamu, mpaka zitabwerera.

Mayi Bertha a pakhomo loyandikana anati mwanayo wachita kumangidwa ndi anthu a kaduka. Fagness anangoti, "Mwina," koma mumtima anati, kaduka kake kochitira bibi wa mwana n'kotani? Iye chimene chinkamuzunguza mutu chinali china. Kapotiko Takondwa sankakaopa ayi. Kukodza ankakodzamo bwinobwino, n'kukanyamula yekha kukathira patsinde pa nthochi, uku akudziombera m'manja. Nanga bibi analakwa chiyani? Tsiku limene kapotiko kanafika anabibamo ndithu, akuseka. Kenaka analondola mayi ake pokataya kuchimbudzi, n'kulira ngati waponda moto. Kuchokera pamenepo, basi, njira inatsekeka.

Fagness sanali munthu wogona ndi funso. M'mawa umenewo anaganiza zoleka kuthamangitsana ndi mwana, angomuyang'ana. Anakhala pakhonde n'kumasenda chinangwa, maso pa mpeni koma makutu ali pansi pa mtengo wa mango pomwe Takondwa ankasewera.

Mwanayo anali ndi chidole chake, chitsononkho cha chimanga chokulungidwa m'kansanza, chimene ankachitchula kuti Tionge. Anachikhazika pa chitsekerero cha botolo, n'kuchiloza ndi chala monga amachitira mayi ake.

"Tionge, kukodza basi. Usabibe, wamva? Chimeza akhuta."

Mpeni unaima m'manja mwa Fagness. Anadzuka pang'onopang'ono ngati munthu wofuna kugwira nkhuku, n'kukakhala pansi pafupi ndi mwanayo.

"Takondwa, Chimeza ndi ndani?"

Mwana analoza ndi mlomo kuchimbudzi, kuseri kwa khola la mbuzi. "Amakhala m'dzenje. Amameza anthu. Ananena ababa."

Ha! Fagness anakumbuka. Dzinja lapitali mvula inagwetsa zimbudzi zambiri m'mudzimo, poti dothi la kuno ndi mchenga wokhawokha. Chawo chinapulumuka, koma bowo linakula, ndipo pakhomo pake pankangolendewera thumba. Tsiku lina mwamuna wake Rodrick anapeza mwana akusuzumira m'bowomo. Anam'tsomphola mtima uli m'malere, n'kumuuza kuti mumakhala chilombo dzina lake Chimeza. Dzinalo analipeka pomwepo. Ndipo Fagness, iye yemweyo, anaseka tsiku limenelo n'kuyamikira nzeru za bamboyo, chifukwa mwana sanayandikirenso kumeneko yekha.

"Tsono Chimezayo ndi bibi wako zikugwirizana bwanji?"

Takondwa anayang'ana mayi ake modabwa kuti munthu wamkulu sadziwa zinthu zapafupi chonchi.

"Inu munam'patsa bibi wanga. Akadya akula. Akakula atuluka."

"Ndiye ukufuna afe ndi njala?"

"Eya." Anakonza kansanza ka Tionge, n'kuwonjezera motsitsa mawu, "Inu mumalowamo nokha. Akudyani."

Apa Fagness anamvetsa zonse. Masiku anayi akum'kalipira mwana kuti ndi wamakani ngati bambo ake, osadziwa kuti kamunthuko kakuvutika ndi mimba pofuna kupulumutsa mayi ake. Anachita manyazi, anamva chisoni, kuseka nakonso kunabwera, zonse nthawi imodzi.

Rodrick anafika masana ndi njinga yake ya kabaza, njala ili m'maso. Asanatsike n'komwe, Fagness anali ataima kale kutsogolo kwake, manja m'chiuno.

"Bambo a Takondwa, chilombo chanu chija mukachichotse."

"Chilombo chiti?"

"Chimene munaweta m'chimbudzi. Mwana akuchimana chakudya, lero ndi tsiku lachinayi."

Atamva nkhani yonse, Rodrick anavula chipewa n'kudzikanda m'mutu. Anati imeneyo ndi nkhani yaing'ono, aithetsa pompano. Ananyamula mwana, anayatsa tochi ya foni, n'kupita naye kuchimbudzi, Takondwa atam'kakamira pakhosi ngati nkhupakupa.

"Taona, mwanawe. Muli chiyani? Ntchentche basi."

"Wabisala. Akuopa tochi."

"Iyayi, mulibe Chimeza. Ine ndinangokunamiza kuti usagweremo."

Takondwa anapukusa mutu, osatekeseka n'komwe. "Ababa sanama."

Pamenepo Rodrick anazimitsa tochi. Anatuluka, anam'tsitsa mwana, n'kuyang'ana mkazi wake ngati wopempha thandizo. Bodza analidzala ndi mpweya umodzi, koma taonani mizu yake.

Fagness anaona kuti za kuzula Chimeza zidikire tsiku lina, lero n'za mimba. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi khasu, nalipereka kwa mwamuna wake.

"Takondwa, tamvera. Ababa akumba dzenje lakolako, kutali, kuseri kwa mpapaya. Bibi wako tikwirira mmenemo, tithira ndi phulusa lomwe. Chimeza salawako ngakhale pang'ono."

"Sanunkhiza?"

"Phulusa limatseka mphuno."

Mwana anapita kukayendera ntchitoyo yekha, chidole chili kukhwapa. Rodrick atakumba kufika m'bondo, Takondwa anasuzumira n'kunena kuti awonjezere. Bambo wamkulu, dzuwa la kunyanja lili pamsana, asanadye kanthu, anawonjezera ndithu.

Atakhutira, Takondwa anakatenga kapoti kake n'kukaika pamthunzi. Anakhalapo. Sizinali zophweka ayi, pakuti za masiku anayi sizituluka mwaulemu. Analira, anafuna kudzuka, koma Fagness ananjuta patsogolo pake n'kum'gwira manja onse awiri. "Limba, mayi wanga, ndili pompano. Kankha pang'ono." Mbuzi zinasiya kudya n'kumayang'ana. Rodrick anaima chapatali atatsamira khasu, milomo ikugwedera ngati akukankha ndi iyeyo.

Kenaka zinatheka. Mayo ine, kamwana kakang'onong'ono kusunga katundu yense uja! Fagness analulutira mpaka Mayi Bertha anasuzumira pampanda kufunsa ngati kwabadwa mwana. Anakwirira, anathira phulusa, Takondwa n'kupondaponda pamwamba ndi timapazi take. Rodrick sanadikire n'chakudya chomwe, anakwera njinga kukafuna matabwa oti akhome chitseko cha chimbudzi.

Fagness atatsuka kapoti ndi kusambitsa mwana, anazindikira kuti nayenso chichokereni m'mawa anali asanapite kuseri. Anatunga madzi m'kachigubu n'kulunjika kuchimbudzi. Asanafike pakhola la mbuzi anamva timapazi pambuyo, ndi chinthu chikukhwekhwerezeka pansi. Takondwa anam'pitirira n'kuima kutsogolo kwake, wefuwefu, kapoti kali m'manja.

"Amama, uko ayi. Khalani apa. Ndakubwerekani."

Fagness anayang'ana kapotiko, kosakwana ngakhale mbali imodzi ya iye. Anayang'ana kumpanda ngati Mayi Bertha adakalipo. Anayang'ananso nkhope ya mwana wake, ndipo anaona kuti pamenepo panalibe zoseka. Anaika kachigubu pansi, anakokera chitenje m'mwamba pang'ono, n'kunjuta pamwamba pa kapotiko, maondo akulira.

Takondwa anam'gwira manja onse awiri.

"Musaope, amama," anatero. "Ndili pompano."