Ndowa Yoyamba ya Thokozire

Lata si chinthu choseweretsa. Likagona pansi limaoneka lofatsa, koma m'mphepete mwake monse ndi mpeni wopanda chigwiriro, ndipo likadula chala silipepesa. N'chifukwa chake a Maness, amayi ake a Thokozire, ankamuimitsa mwana wawoyo pakhomo madzulo alionse akamachokera kumsika wa Chinsapo, n'kumuuza kuti atambasule manja. Ankawerenga zala chimodzichimodzi. Zikakwana khumi, m'pamene ankamulola kulowa m'nyumba.

Thokozire anali atakhala pakhomo chaka chathunthu mayeso a Folomu 4 atamukana. Tsiku lina anamutuma kukakonzetsa mbaula kwa Che Kassimu, mmisiri wokhoma zidebe kuseri kwa msika, ndipo mwanayo anaiwala kubwerera. Anangoima n'kumaonerera lata lathyathyathya likupindika mpaka kusanduka ndowa. Mawa lake anapitanso, mkuja anapitanso. Pomaliza Che Kassimu anati, "Mwanangu, pano sitiulutsa mpira. Ngati ukufuna kuonerera, onerera ndi manja."

Anayamba choncho. Mwezi woyamba ntchito yake inali kutola zidutswa ndi kuwongola malata akale. Zidutswazo ndiye zoopsa zenizeni, zimabisala m'fumbi kudikira wovala masilipasi. Kenako anamupatsa sizasi yodulira, kenako anamulola kukhala pa chidutswa cha njanji chimene amakhomerapo, n'kuphunzira kupinda msoko, pomwe mbali ziwiri za lata zimalumana. Msoko ukalumana bwino madzi sadutsa. Ukaukhoma mopupuluma umaseka pakamodzi, ndipo madzi ndi mfiti, kabowo kosaoneka ndi maso amakapeza.

Miyezi isanu ndi umodzi itatha, Che Kassimu analengeza kuti Loweruka ndi tsiku la ndowa.

Pamalo pawopo panali mwambo. Wophunzira akakhoma ndowa yake yoyamba yekha, popanda womugwirira, ankaisenza pamutu yodzaza madzi kuchokera pa kiyosiki yogulitsira madzi, kudutsa pakati pa msika, mpaka pa shedi yawo yokhomeramo. Akafika khosi lili louma, ankalandira hamala yakeyake ndi malo ake pa njanji. Akafika wanyowa, ankabwerera kotola zidutswa miyezi ina isanu ndi umodzi.

Koma Thokozire miyezi imeneyo analibe. Amayi ake anali atamupezera kale ntchito ya m'nyumba ku Gulliver, ku Area 49, ndipo anapangana naye poyera: ndowa ikadontha, Lolemba akwere minibasi.

"Kumeneko kuli mpanda, kuli geti," ankatero a Maness. "Tsache silinadulepo munthu chala."

Za agalu a m'mipanda imeneyo sankazitchula, ngakhale kuti nawonso amaluma.

Loweruka kunacha kotentha. Ndowa ija inali itakhala pa benchi, yonyezimira ngati yochokera m'sitolo, waya wa pakamwa wozungulira bwino, makutu ake ofanana. Thokozire anali ataukhoma msoko wa pansi katatu konse, akumvetsera kulira kwa hamala monga anamuphunzitsira, chifukwa pomwe sipanalumane pamalira mogonthera. Ankaidziwa ndowa yake.

Leston, mmisiri wachiwiri kwa Che Kassimu pa shedipo amene ankadziwika ndi pakamwa, ndiye anamuperekeza ku kiyosiki. Anatsegulitsa mpopi n'kusiya madzi akwere, akwere, mpaka anafika pamlomo penipeni.

"Achimwene, sakwana amenewa?" anafunsa Thokozire.

"Sisi, inu ndinu akazi. Kusenza munabadwa nako. Ife amuna ndiye timavutika. Tiyeni, kapena mukuopa kuti thako la ndowa yanuyi likuululani?"

Amayi amene anali pamzere anaseka, ndipo awiri anamusenzetsa.

Apa pali chinthu chimene amuna a pa shedi sanachiganizire. Ana okulira m'tauni masiku ano amatunga madzi m'zigubu zotseka ndi m'mabigiri a zivindikiro. Ukhoza kuthamanga nacho chigubu, kudumpha nacho ngalande, madzi ali phee m'katimo. Thokozire chibadwire anali asanasenzepo ndowa yapululu yodzaza chotero. Iyenso sanadziwe kuti sadziwa, ndipo kumeneko ndiye kusadziwa koopsa.

Mapazi khumi oyamba anayenda bwino. Ogulitsa tomato anaimirira, a makala anasiya kuyeza, wometa anatuluka ndi makina m'manja. Nkhani inali itawanda kuti mtsikana wa kwa Che Kassimu akusenza lero. Kumbuyo kwake Thokozire ankamva masilipasi amene ankawadziwa bwino, phwa phwa phwa. Amayi ake anali atasiya zitumbuwa zawo ndi mnzawo n'kumamutsatira.

Pa ngalande ya pafupi ndi ogulitsa usipa, wakabaza analiza belu kumbuyo. Anthu akabaza amenewa sayang'ana, amaliza belu atakufika kale. Thokozire anapatuka mwadzidzidzi. Madzi anapita kumbuyo, anabwerera kutsogolo, ndipo kuzizira kunatsika m'khosi mpaka kumsana. Anafulumiza mapazi kuti afike msanga, madziwo n'kumavina kwambiri. Pofika pa shedi, bulauzi yonse inali itanyowa.

"Yadontha!" anakuwa wina kumakala.

"Akhoma sefa, osati ndowa!"

Leston anamutula, ndipo nthabwala zinali zitamuthera. Che Kassimu anavula kofia, anakanda m'mutu, anaivalanso. Anayang'ana ndowa, yomwe inali yonyowa mbali zonse mpaka pansi, moti panalibe wodziwa kumene madzi atulukira.

"Mwanangu," anatero motsitsa mawu, "lamulo la pano ndi khosi louma. Leston analidutsa, ine ndinalidutsa kwa amalume anga ku Mangochi. Ndikalipinda lero chifukwa cha iwe, mawa ndowa zako adzati n'zachifundo."

Thokozire anangogwedeza mutu. Anaona tsache la ku Gulliver m'maso mwake. Anatembenuka kuti aone amayi ake, akudziwa kuti apeza nkhope ya munthu amene wapambana mlandu.

Koma a Maness anali atagwira m'chiuno, akupuma ngati athamanga.

"Che Kassimu, pepani, ndifunse nawo. Inuyo madzi munatunga liti komaliza?"

Mmisiriyo anadabwa. "Amayi, nkhani ya kutunga yabwera bwanji?"

"Yabwera chifukwa ine ndimayenda kumbuyo kwa mwanayu, maso anga ali pa ndowa, kuopa kuti imugwera imuthyole khosi. Sindinaphethire. Madzi awa sanatulukire pansi. Akhavukira pamwamba, pa ngalande paja. Ndani amadzaza ndowa mpaka pamlomo osaikapo masamba? Ndani?"

Maso onse anapita kwa Leston.

"Ine ndimati poti ndi wamkazi..."

"Wamkazi wa zigubu! Iwe tsiku lako unadzaza chonchi?"

Leston anayang'ana kumwamba ngati yankho lalembedwa pa denga. "Inali... inapitirirako theka pang'ono."

Msika wonse unagwa nacho chiseko. Wometa uja anachita kukhala pansi.

Thokozire sanaseke. Ankayang'ana amayi ake osamvetsa. Akanangokhala chete, Lolemba likanakhala lawo.

"Amayi," ananong'ona, "nanga ku Gulliver?"

"Khala chete iwe. Kudula chala n'kwina, kunamiziridwa n'kwina. Mwana wanga sakhoma sefa."

Anamasula chitenje chapamwamba, chouma, n'kuchikulunga nkhata. Anachionetsa kwa Che Kassimu. "Gwirani, muone kuti n'chouma. Khosi likhoza kunama, pali thukuta, pali akabaza. Koma nkhata imakhala pansi pa ndowa penipeni. Ikanyowa pakati, ndimutenga ndekha mwanayu, simudzamuonanso. Ikafika youma, mumupatse chake."

Che Kassimu anachigwira chitenjecho, anaseka pang'ono. "Amayi, mukanakhala loya tikanathawa m'Chinsapo muno. Abwerere ku kiyosiki."

Ulendo wachiwiriwu anthu anachuluka kuposa woyamba. A Maness anadzaza okha ndowa, mpaka pamlomo pomwe paja, kuti pasadzakhale wonena kuti anamuchepetsera. Anaipukuta mbali zonse ndi mpango wawo wa kumutu mpaka inauma. Kenako anathyola kanthambi ka mango pa mtengo wa pambali pa kiyosiki, anakatsuka, n'kukayandamitsa pamadzipo.

"Masamba amagwira madzi kuti asavine. Agogo ako ankachoka nawo kudambo mpaka kumudzi osataya dontho. Tsono tamvera: khosi liume, chiuno ndicho chiyende. Usayang'ane pansi, pansi ndikuyang'anira ine. Usathamange, usaseke. Wina akakuitana usacheuke, ngakhale atakhala m'busa."

Thokozire ananyamuka. Poyamba anauma thupi lonse ngati mtengo, kenako anamva kulemera kuja kukukhazikika pakati pa mutu, kutsika ndi msana, mapazi n'kupeza okha kayendedwe. Pamwamba masamba ankangoti waa, waa, pang'onopang'ono. Leston anathamangira kutsogolo n'kutambasula manja ngati wapolisi wa pamsewu.

"Akabaza nonse imani! Kukudutsa injiniya!"

"Chidutswa cha lata icho, ponda kumanja!" ankakuwa a Maness kumbuyo. "Khoko la nthochi ilo! Inu a usipa, bwezani beseni lanulo!"

Ngalande ija anaidutsa ngati palibe. Amayi a tomato anayamba kuwomba m'manja motsatira mapazi ake, ndipo anafika pa shedi akumwetulira, ngakhale anamuuza kuti asaseke.

Anamutula. Che Kassimu anatenga nkhata ija pamutu pake, anaimasula pang'onopang'ono pamaso pa onse, anaipapasa, anaigunditsa patsaya. Inali youma. Kenako anatola fumbi louma n'kulipaka pa msoko wa m'mbali, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Fumbilo linangoyoyoka, louma.

Analowa m'shedi n'kutuluka ndi hamala ya mpini watsopano wa mlombwa, umene anali atausema kale masiku apitawo osauza munthu.

"Fundi Thokozire," anatero, kumutchula dzina la mmisiri monga amatchulira kwawo, "malo ako ndi awo, pakati pa ine ndi wa theka la ndowayu."

Nthungululu yoyamba inachokera kwa a Maness. Anavina mozungulira ndowa ija, opanda mpango kumutu, fumbi koboo, amayi a mumsika n'kulowerera. Pomwepo mayi wina wogulitsa thobwa anati akufuna ndowa ziwiri zokhomedwa ndi manja omwewo, wina anati mbaula. Leston anatola kanthambi ka mango kaja n'kukakhomera pamwamba pa khomo la shedi, nati kuyambira lero mwambo wawonjezeka: masamba pamwamba, nkhata youma pansi.

Gule atatha, a Maness anasenza okha ndowa ija ndi madzi ake omwe, chifukwa madzi otunga kale satayidwa. Asananyamuke anatembenuka, ndowa ili pamutu osaigwira.

"Ku Gulliver ndikawauza apeze wina. Koma iwe usayese kuti lata lakudziwa tsopano. Hamala yatsopano ndiye imaphwanya chala. Nsapato zotseka tsiku lililonse. Ndipo bweretsa manjawo."

"Amayi, pagulu pano?"

"Bweretsa."

Fundi Thokozire anaika hamala yake m'khwapa n'kutambasula manja, msika wonse ukuwerenga nawo mokweza mpaka khumi.