Chikuta Chopanda Mwana

Nkhani iyi anandiuza ndi Eneless, mayi wogulitsa mafuta odzola pakhonde la sitolo ina ku Area 2. Sindinapiteko kukagula kanthu ayi, nkhope yanga inatha kale ndi dzuwa la m'misewu. Mvula ndi imene inandikankhira pakhondepo, ndipo mayiyo anandisunthira kabenchi. Ine ndine munthu wosakhazikika, ndagona m'madepoti ambiri kuchokera ku Karonga mpaka ku Nsanje, ndipo ndinaona kuti ukakhala chete pafupi ndi munthu amene malonda ake sakuyenda, nkhani imabwera yokha.

Ndinaloza kabotolo kena kamene anakaika padera, n'kufunsa kuti ndi mankhwala a chifuwa kapena.

"Mukamwa ako, agogo, tikakutolani kumochale," anatero Eneless. "Ndi asidi wosupula nkhope. Umapaka, khungu lakale limafa, n'kufunduka ngati la njoka. Pansi pake pamatuluka latsopano."

"Anthu amagula zoterozo ndi mtima wawo?"

"Mabwana enieni. Wina anandigula chaka chatha, mpaka lero ndikamuona ndimasowa poyang'ana."

Wogulayo anali mayi Sophia Msiska, wa ku Rumphi, ndipo anzake a kumpoto ankamuitana kuti NyaMsiska. Ankagwira ntchito mu unduna wina ku Capital Hill. Zaka makumi anayi anali atazidutsa, banja lake linatha kalekale, mwana analibe. Ankakhala ku Area 43 m'nyumba ya mchimwene wake amene ali kunja, chinyumba cha zipinda zambiri koma munthu mmodzi. Kumeneko mipanda ndi italiitali, mnansi wako umamudziwa ndi kulira kwa galimoto yake basi. Munthu yekhayo amene ankalowa pageti tsiku ndi tsiku anali mkulu wina dzina lake Jobu, wa kwa Nsaru, amene ankayenda wapansi kuchokera ku Kauma kudzasamala maluwa ndi kutsegula geti.

Ndiye kunabwera bambo Frazer Chimphamba. Anali mkulu wa mpingo, mkazi wawo anamwalira, ndipo ankagwira ntchito ku ofesi ina ya inshuwalansi ku City Centre. Munthu wofatsa, woyankhula ngati akuyeza ufa. Anayenda naye Sophia miyezi ingapo mwaulemu, kumuperekeza akatuluka m'tchalitchi, kumubweretsera zipatso, osalowa m'nyumba ngakhale tsiku limodzi. Tsiku lina anamuuza kuti mwezi ukatha akufuna apite naye ku Nkhoma, alongo awo akamuone.

Sophia anavomera, koma atafika kunyumba anaima nthawi yaitali pa galasi. M'masaya mwake munali zigamba zakuda zimene zinayamba zaka zingapo m'mbuyomo, ndipo paudala sankazibisanso. Ankadziwa mmene azilamu amayang'anira mkazi wobwera, makamaka wochokera kutali, wamkulu kale, wopanda mwana. Kuofesi kwawo kunali mtsikana wina, Lisa, amene anasowa sabata yathunthu n'kubwera nkhope ikuwala. Anzake atamufunsa anaseka n'kunena kuti anali m'chikuta, ndipo mawuwo anasanduka nthabwala ya muofesimo. Lisayo ndi amene anamulozera Sophia kwa Eneless.

"Ndinamuuza bwinobwino," anatero Eneless. "Pakani kamodzi, mukamva kuti moto wakula tsukani ndi madzi a soda. Musatuluke padzuwa. Khungu likayamba kufunduka musalikoke. Komanso ndinamuuza kuti zinthu izi kuli bwino kuzichitira kwa adokotala a khungu, koma anati safuna maso a anthu."

Sophia anatenga tchuthi kuntchito. Anawauza a Chimphamba kuti akupita ku maphunziro a ntchito ku Salima. Kenako anaitana Jobu pazenera la kukhitchini, katani atatseka theka.

"A Jobu, kuyambira lero musalowetse munthu. Aliyense akabwera mumuuze kuti ndili m'chikuta."

Ananena akumwetulira, koma mkuluyo kumwetulirako sanakuone. Anavula chipewa, anati wamva, n'kubwerera chafutambuyo. Kwa Nsaru chikuta si mawu oseka nawo. Ndi masiku amene mayi amabindikira atangobereka, ndipo mwamuna safunsa zambiri. Sophia anali mayi wathupi, wokonda madiresi otaya, choncho Jobu anangoti maso ake okalamba ndiwo sanaone.

M'bafa, Sophia anasamba kumaso, anaviika thonje m'kabotolo n'kupaka pachipumi, pamphuno, m'masaya. Poyamba kunali kunyerenyetsa chabe. Kenaka kunayamba kutentha ngati wayandikira mbaula. Anayang'ana tsaya lakumanzere, kumene chigamba chinali chachikulu, n'kuona ngati mankhwala achepa. Anapakanso kachiwiri. Pamalopo panayera ngati phulusa, misozi inatuluka yokha, ndipo anathamangira kuthira madzi a soda.

Kutacha nkhope inali itauma gwa, yothina ngati chikopa cha ng'oma. Kenaka inada kuposa kale. Pakamwa sipankatseguka bwino, ankadya phala ndi kasupuni ka tiyi. Patapita masiku khungu linayamba kung'ambika m'mbali mwa milomo, n'kumalendewera ngati makoko a mbatata yootcha. Linkayabwa koopsa. Ankakhalira manja ake pa mpando kuti asakande. Paliponse pansi pake panali khungu lanthete, koma pa tsaya lakumanzere paja panatsala bala lofiira, lotuluka madzi.

Makatani onse anali otseka chifukwa cha dzuwa. Ankayenda kuchoka kuchipinda kupita pabalaza, kuchoka pabalaza kupita kukhitchini, akumva mapazi ake okha. Wailesi ya kanema anaisiya, poti chinthu choseketsa chikabwera milomo inkang'ambika. Foni ikalira yoti aonane nkhope, ankaisiya ilire. Anzake a kuofesi analemba kawiri katatu, n'kusiya. Anazindikira kuti munthu angathe kusowa mumzinda uno popanda wodabwa.

Chimene chinamuwawa kwambiri chinali cha mbale. Chizolowezi chake chinali kumuikira Jobu chakudya chamasana pazenera. Tsopano mbale inkakhala pomwepo yovundikira mpaka madzulo, osakhudzidwa. Sophia anaganiza kuti mkuluyo wamuona nkhope n'kunyansidwa. Sanadziwe kuti Jobu ankaopa mdulo, nthenda imene akuluakulu amati imagwira mwamuna akadya ndiwo zimene wathira mchere mayi wa m'chikuta. Mkuluyo ankangodya chinangwa chake kuseri kwa galaja, akutchera khutu kuti amve kulira kwa khanda. Atapanda kukumva, anapukusa mutu n'kumvetsa yekha kuti mwanayo sanakhale.

Loweruka lina a Chimphamba anabwera ndi jumbo ya mapeyala, kuti mayi akabwera ku Salima adzawapeze atapsa. Jobu atatsegula kageti kakang'ono, iwo anaona galimoto ya Sophia ili pamalo pake.

"Anapita pa basi ya kuntchito?"

"Alipo, bwana."

"Alipo?"

Jobu anayang'ana pansi. "Ali m'chikuta. Koma zikuoneka kuti sizinayende bwino. Kulira sindinakumve."

A Chimphamba anapereka jumbo ija, anathokoza, n'kubwerera ku galimoto yawo. Iwo ankadziwa kuti mayiyo sanamukhudzepo ngakhale dzanja kupitirira moni.

Kuyambira tsikulo uthenga wawo wa m'mawa uliwonse unaleka kubwera. Sophia anadikira. Mapeyala anawapeza pazenera, anadziwa kuti bodza la ku Salima laululika, ndipo anaganiza kuti Jobu wanena za nkhope. Mapeyalawo anapsa, ena anayamba kuda, foni ili zii. Potsiriza anaimba yekha.

"Bambo Chimphamba, ndi ine."

"Mayi Msiska. Mukupeza bwanji?"

"Pang'onopang'ono. Ndamva kuti munabwera."

"Ndinabwera. A Jobu anandiuza. Pepani ndi zimene zakuonekerani."

"Pepani ndinu. Ndinakunamizani. Ndinkachita manyazi, sindinkafuna kuti mudziwe."

"Kuchipatala munapita?"

"Ayi. Ndinachita ndekha, konkuno m'bafa."

"Nokha."

"Ndinagula mankhwala kwa mayi wina ku Area 2. Mnzanga wa kuofesi anachitapo, zinamuyendera bwino. Ine ndinachulutsa. Koma zambiri zachoka, kwangotsala bala."

A Chimphamba anatsitsa mawu.

"Munachitiranji zimenezi, mayi?"

"Chifukwa cha ulendo wa ku Nkhoma. Sindikanatha kukaima pamaso pa alongo anu mmene ndinalili."

"Ndamva," anatero a Chimphamba. "Mulungu akukhululukireni."

Foni inaduka. Sophia anakhala pa mpando akudabwa kuti kodi kupaka mankhwala kumaso ndi tchimo lalikulu chotero kwa akulu a mpingo a kuno. Anafuna kulira, koma mchere wa misozi unkaluma pa bala paja, ndiye anagona chagada n'kumaipukuta ndi thonje isanafike m'masaya.

Bala lija linachedwa kupola. Anawonjezera tchuthi, kenaka anapita ku kachipatala kena atadziphimba ndi mpango, anamupatsa mafuta opaka ndi kumudzudzula. Mwezi unatha, za ku Nkhoma palibe anazitchula. Pamene anatuluka panja koyamba wopanda mpango kumaso, m'mawa dzuwa lisanakule, atavala chipewa chachikulu, anapeza Jobu akuthirira kapinga. Mkuluyo anatseka mpope, anavula chipewa chake n'kunjuta.

"Pepani, madamu. Mulungu adzapereka wina."

"Wina ndani?"

"Mwana."

"Mwana wa ndani, a Jobu?"

Jobu anamuyang'ana kumaso koyamba. Anaona khungu losalala ngati la mtsikana, ndi chipsera chakuda pa tsaya. "Munati muli m'chikuta, madamu."

Sophia anagwira chitsulo cha khonde. Anafunsa zimene mkuluyo anawauza a Chimphamba, ndipo Jobu anabwereza mawu ake onse mosabisa. Mayiyo anakhala pansi pa sitepe, n'kuyamba kukumbukira zimene iye mwini ananena pafoni paja, chimodzichimodzi, mmene zinamvekera kumbali inayo.

Masana omwewo anapita ku City Centre. Anadikira pansi pa mtengo poimika magalimoto mpaka a Chimphamba anatuluka kukadya. Sophia anavula chipewa dzuwa lili pamutu, ngakhale Eneless anamuletsa zopsa ndi dzuwa.

"Yang'anani, bambo. Chikuta chake ndi ichi. Ndinasupula nkhope. Mimba ine ndilibe, sindinakhalepo nayo moyo wanga wonse. N'chifukwa chake banja langa linatha."

Anatulutsa kabotolo kaja m'chikwama. A Chimphamba anakatenga, anawerenga zolembedwa zake pang'onopang'ono, n'kukabweza.

"Ndiye mawu amene aja munawanenera chiyani?"

"Ndi nthabwala ya kuofesi."

"Kwathu sitiseka nawo."

"Ndadziwa tsopano."

"Valani chipewa, mupsa." Anadikira mpaka atavala. "Alongo anga anandifunsa chifukwa chimene sitinapitire. Ine sindidziwa kunama, mayi. Ndinawauza zimene ndinamva."

"Mukawauze kuti munamva molakwa."

"Ndikawauza. Adzati mayiyo ndi wochenjera, wapeza kabotolo." Anayang'ana nsapato zawo. "Komanso ine ndinakhulupirira msanga. Sindinakufunseni. Chimenecho chikundivuta kuposa zinazo, sindikudziwa kuti ndizikuyang'anani bwanji. Ndipatseni nthawi ndiganize."

Eneless anati mpaka tsiku limene tinkacheza lija bamboyo anali akuganizabe. Kutchalitchi amapatsana moni wa pamanja, basi. Sophia anabwerera kuntchito, anzake anamuyamikira kuti watsitsimuka, ena anapempha nambala ya wogulitsa. Amabwerabe ku Area 2 kudzagula mafuta oteteza ku dzuwa, poti khungu latsopano silipirira, ndipo zigamba zija akuti zayamba kubwerera pang'ono. Akabwera amakhala pa kabenchi kamene ndinakhala ine, nthawi yaitali kuposa imene kugula botolo limodzi kumafuna.

Mvula itakata ndinanyamuka kupita kudepoti. Za asidi ndi kufunduka kwa khungu ndazikhulupirira, pakuti Eneless anandionetsa zithunzi za anthu ena pafoni yake. Za Jobu nazonso zitheka, akuluakulu otero ndawaona ambiri. Koma za pafoni paja ndikukayika. Sindikhulupirira kuti anthu awiri aakulu angayankhulane mpaka kutsanzikana popanda mmodzi kutchula nkhope kapena mimba. Ndikuganiza kuti pamenepo Eneless anakonza, kapena Sophia anamuuza mmene iye akanakondera kuti zikhale, ndipo mwina bamboyo anali ndi chifukwa china chimene mayi awiriwa sachidziwa.